Tisathamangitse Mwana wa Gitala: Phunziro Lochokera ku Mlowe ndi ku Lusaka

Wolemba Mtola Nkhani Wathu

Pa Phwezi, m'chigwa cha Henga m'boma la Rumphi, pamene mseu waukulu wochokera ku Mzuzu kunka ku Karonga uyenda pafupi ndi mtsinje wa South Rukuru, pali sukulu za sekondale za anyamata ndi asungwana zimene zinayambidwa ndi Amalawi eni ache kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980. Makolo a m'zigawo zonse zitatu za dziko lino amatumiza ana ao kumeneko, ndipo ambiri a iwo amayamba agulitsa fodya, chimanga kapena ng'ombe kuti apeze fizi. Munthu amene wadzimana chotere afuna kuti mwana wache adzabwere ndi setifiketi m'manja, adzakhale dokotala, mphunzitsi kapena kalaliki wamkulu. Tsono akamva kuti mwanayo wagwira gitala, ndi kuti nyimbo zimene aimba si za m'chalichi ai, ndiponso si zimene anthu abvina pa ukwati, kholo liganiza kuti ndalama zache zalowa m'madzi.

Ife a nyuzi ino tifuna kunena ndi makolo otere, pamodzi ndi aphunzitsi ndi akuluakulu a wailesi. Maganizo athu ndi akuti mwana woimba nyimbo zopatuka pa zimene khamu lizolowera ayenera kuyang'aniridwa ndi kuphunzitsidwa, koma sayenera kuthamangitsidwa. Tiri ndi zifukwa, ndipo zina za izo zichokera m'boma la Rumphi lomweli.

KODI NYIMBO ZIMENEZI NZOTANI?

Ku America ndi ku England kuli mtundu wa nyimbo umene eni ache autcha alternative rock. Ndizo nyimbo za gitala wa magetsi ndi ng'oma, zoimbidwa ndi anthu amene makampani akuluakulu a mbale za nyimbo sanawafune poyamba, chifukwa maimbidwe ao sanali ofanana ndi amene anali kugulidwa pa msika. Oimbawo sanadikire kuti wina awatsegulire khomo. Anajambula nyimbo zao m'timakampani tating'ono, nayenda tauni ndi tauni pa galimoto yakutha, ndipo amene anayamba kuulutsa nyimbozo anali mawailesi ang'onoang'ono a ana a sukulu za ukachenjede.

Gulu la R.E.M. linayamba chotere mu 1980 m'tauni yaing'ono ya Athens ku Georgia, ndipo linakhala pamodzi kufikira 2011. Chimodzi cha zimene zinalisunga ndicho chakuti anyamata anaiwo anapangana kuti nyimbo iriyonse ilembedwe m'maina a onse, kuti ndalama zisawagawanitse. Gulu la Radiohead linayamba mu 1985 pa sukulu ya anyamata ya Abingdon ku England, kumene anali kukonzekera nyimbo zao m'chipinda cha sukulu tsiku Lachisanu liri lonse. Gulu la Nirvana linatulutsa mbale yache yoyamba mu 1989, yojambulidwa ndi ndalama zongopitirira pang'ono madola 600. Mbale yao yachiwiri, Nevermind, inatuluka mu 1991, ndipo mu January 1992 inachotsa mbale ya Michael Jackson pa mpando woyamba wa mbale zogulidwa kopambana ku America.

Awerengi athu aone zinthu ziwiri pamenepa. Choyamba nchakuti nyimbo zimene lero anthu aziyesa phokoso la ana osamva, mawa ndizo zimene dziko lonse liimba. Chachiwiri nchakuti magulu ambiri otere anabadwira pa sukulu, pamene mphunzitsi wina anabwereka anyamata chipinda ndi kiyi wache.

MWANA WA KU MLOWE

Wina adzati zimenezo nza Azungu, sizikhudza ife. Tiyeni tsono titsike phiri la Chiweta tifike ku nyanja, pa mudzi wa Mlowe, m'boma lomwelo la Rumphi. Kumeneko ndiko kwao kwa malemu Bambo Wambali Mkandawire, amene anabadwa mu 1952 ku Congo kumene makolo ao anali kukhala. Ali mnyamata anamva nyimbo za ku Congo, za makolo a ku Mlowe, ndi za maiko a Azungu zimene zinali kumveka pa wailesi. Akuluakulu a kwao sanakondwe pamene anaona kuti mtima wa mnyamatayo uli pa nyimbo, monganso makolo a lero sakondwa.

M'zaka za m'ma 1970 iwo anapita ku Blantyre nalowa gulu la Sounds Pentagon, limene linali kusakaniza nyimbo za rock ndi maimbidwe a kuno kwathu. Gululo silinakhalitse, pakuti ndalama zogulira zipangizo ndi zodyetsera oimba panalibe. Mu 1978 Bambo Mkandawire anatembenuka mtima, ndipo pambuyo pache anaimba ndi gulu la New Song la bungwe la Youth for Christ, nayenda nalo kufikira ku South Africa. Koma ngakhale analowa m'nyimbo za Mulungu, sanatsate njira yapafupi yoimba zimene aliyense anali kuimba. Anatenga Chitumbuka cha kwao, ndi kagundidwe ka ng'oma za kumpoto, nazilumikiza ndi jazz, kotero kuti munthu womva nyimbo yao anadziwa msanga mwini wache asanauzidwe dzina.

Njira yotere inali ndi minga. Mu 1992, pamene Bambo Chakufwa Chihana, mwana winanso wa m'boma la Rumphi, anamangidwa chifukwa chofuna ndale za zipani zambiri, Bambo Mkandawire anali mmodzi wa iwo amene anapempha kuti amasulidwe, ndipo nyimbo zao zinabvutika nazo pa nthawi imeneyo. Ndiponso anthu ambiri, ozolowera nyimbo zobvinika msanga, anati nyimbo za Wambali nzobvuta kumva. Koma mbale yao ya Zani Muwone, imene inatuluka mu 2002, inalandira mphoto ya South African Music Awards mu 2003, ndipo dzina la Malawi linatchulidwa ndi ulemu pamaso pa oimba a maiko ambiri. Pamene anamwalira ndi nthenda ya Covid-19 pa 31 January 2021, dziko lonse linalira, ndi iwo omwe amene kale anati nyimbozo nzobvuta. Lero oimba achinyamata amene afuna kuimba m'chinenero cha kwao mopanda manyazi atchula dzina la Mtebeti Wambali ngati la mphunzitsi wao.

Tifunse tsono: akuluakulu aja akadapambana, mnyamata uja akadataya nyimbo, kodi Rumphi akadapindula chiani? Kapena tikadakhala ndi kalaliki mmodzi woonjezera, amene dzina lache likadaiwalika tsiku lopuma nchito.

ZIMENE ZINACHITIKA KU ZAMBIA

Chitsanzo chachikulu koposa chiri kwa abale athu a ku Zambia. M'zaka za m'ma 1970, ku Lusaka ndi m'matauni a migodi ya kopa, anyamata anamva magitala a Jimi Hendrix ndi The Rolling Stones, nayamba kuimba rock yaoyao, imene inatchedwa Zamrock. Panali gulu la WITCH lotsogozedwa ndi Bambo Emmanuel Chanda, amene anthu anawatcha Jagari potengera dzina la Mick Jagger. Panali Musi-O-Tunya la Bambo Rikki Ililonga, panali Amanaz, ndiponso panali Ngozi Family la Bambo Paul Ngozi wa ku Lusaka, amene dzina lao lenileni linali Paul Nyirongo, dzina limene si lachilendo m'makutu a munthu wa ku Rumphi. Bambo Ngozi anaimba nyimbo zambiri m'Chinyanja, ndipo anaimba za moyo wa anthu wamba a m'makomboni.

Nyimbo zimenezi sizinamere zokha ngati bowa. Mtsogoleri wa dzikolo, Dr. Kenneth Kaunda, analamula kuti nyimbo 95 pa 100 ziri zonse zoulutsidwa pa wailesi zikhale za ku Zambia komweko. Ku Ndola kunali fakitale yosindikiza mbale, ndiponso kampani ya Zambia Music Parlour ya Bambo Edward Khuzwayo imene inatulutsa mbale za magulu ambiri. Anthu a m'migodi anali ndi malipiro ogulira mbalezo ndi olowera m'maholo. Wailesi, fakitale ndi thumba la wogula zinakumana, ndipo luso linapeza pomera.

Pamene mtengo wa kopa unagwa pakati pa zaka zomwezo, thumba la wogula linauma. Pambuyo pache nthenda ya Edzi inatenga oimba ambiri a mbadwo umenewo. Bambo Ngozi anamwalira mu 1989 ali ndi zaka 40 zokha. Bambo Chanda anakhala mphunzitsi, ndipo kenaka anapita kukakumba miyala ya mtengo wapatali kuti adyetse banja. Anthu anayesa kuti nkhani yatha.

Koma sinathe ai. Kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inafunafuna mbale zakalezo niizisindikizanso, ndipo achinyamata a maiko akutali anazikonda. Gulu la WITCH linauka, linayenda ku Europe ndi ku America, ndipo mu 2023 linatulutsa mbale yatsopano yotchedwa Zango, patapita zaka 39 chitulutsire yomaliza. Mu 2024 woimba wochuka wa ku America, Tyler, the Creator, anatenga chigawo cha nyimbo ya Ngozi Family nachiika m'nyimbo yache, kotero kuti Chinyanja cha ku Lusaka chinamveka m'makutu a anthu mamiliyoni ambiri amene sadziwa kumene kuli Lusaka. Mwini wache wa mauwo anali atagona m'manda zaka 35.

CHIFUKWA CHACHE KUNO SIZINAKULE

Kuno kwathu luso linalipo, koma nthaka inali youma. Wailesi inali imodzi, ya MBC, ndipo oimba ambiri anajambula nyimbo zao m'nyumba ya wailesiyo chifukwa kwina kojambulira kunali kosowa. Lamulo la 1968 loyang'anira zosangalatsa linapatsa bungwe la Boma mphamvu yoletsa nyimbo, mabuku ndi kanema. Malamulo a zobvala a m'zaka za m'ma 1970 analetsa amuna kusunga tsitsi lalitali, ndipo anatha pokhapokha dziko litalowa m'ndale za zipani zambiri. Mnyamata wa gitala wa magetsi anali munthu wokaikitsa pamaso pa akuluakulu asanaimbe ndi nyimbo imodzi yomwe.

Ngakhale zinali chomwecho, ena anapyola. Abale awiri a ku Chileka, Daniel ndi Donald Kachamba, anatenga kwela wa ku South Africa namsandutsa wao, ndipo anaimba m'maiko ambiri a ku Europe mothandizana ndi katswiri wa ku Austria, Gerhard Kubik. Gulu la Kalimba linamveka kunja kwa dziko lino m'zaka za m'ma 1980. Evison Matafale, wa ku Chileka yemwe, anaimba reggae yonena zimene ena anaopa kunena, ndipo atamwalira mu November 2001 ali m'manja mwa apolisi, gulu lache la Black Missionaries linapitiriza nchito yache. Onsewa anayamba ngati anthu opatuka, ndipo onsewa lero tiwawerenga pakati pa chuma cha pfuko lathu.

ALENDO NDIWO AYAMBA KUONA

Pali chinthu china chimene chiyenera kutichititsa manyazi pang'ono. Kawirikawiri woimba wathu wopatuka ayamba kulemekezedwa kunja, ndipo ife tidzuka pambuyo.

Bambo Esau Mwamwaya, wobadwira ku Mzuzu, anali kugulitsa katundu wakale m'sitolo yaing'ono ku London pamene anakumana ndi anyamata awiri okonza nyimbo. Pamodzi anapanga gulu la The Very Best, ndipo mbale yao ya 2009, Warm Heart of Africa, yoimbidwa kwakukulu m'Chichewa, inali ndi mau a Ezra Koenig wa gulu la Vampire Weekend, limodzi la magulu odziwika a alternative rock ku America. Mu 2016 anajambulanso nyimbo pamodzi ndi gulu la Mumford & Sons la ku England. Akaidi ndi asilikali a ndende ya Zomba anajambulidwa ndi mlendo, Ian Brennan, mu 2013, ndipo mbale yao inapikisana nawo pa mphoto za Grammy za 2016, chinthu chimene sichinachitikepo kale ndi nyimbo za dziko lino. Anyamata awiri a Madalitso Band, Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni, anaimba zaka zambiri m'miseu ya Lilongwe ndi gitala wa zingwe zinai ndi babatoni wopanga okha, anthu akungowadutsa. Atakaimba ku Zanzibar mu 2017, makomo a ku Europe anatseguka.

Alendo amenewa sitiwadzudzula, pakuti akuluakulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Koma funso likhala kwa ife eni mudzi. Nchifukwa ninji khutu lochokera kutsidya la nyanja limva msanga chimene khutu lathu lakhala likumva tsiku ndi tsiku osachisamala? Ndipo pamene mbale yasindikizidwa kunja, pangano lalembedwa kunja, kodi gawo lalikulu la phindu likhala kuti?

MANTHA A MAKOLO NGOMVEKA

Sitifuna kunamiza munthu kuti njira ya nyimbo njosalala. Makolo amene aopa ali ndi zifukwa zao, ndipo tiyenera kuzitchula poyera.

Choyamba ndi umphawi. Pa woimba mmodzi amene wakwera ndege pali ambirimbiri amene akalamba opanda nyumba. Msika wa dziko lino ngwaung'ono, ndipo masiku ano nyimbo ziyenda pa foni kuchoka kwa munthu kunka kwa mnzache popanda tambala yofika kwa mwini.

Chachiwiri ndi mowa ndi chamba. Malo ambiri amene oimba apezamo ndalama ndiwo malo a mowa, ndipo mnyamata wosakhwima maganizo sachedwa kugwa. Kurt Cobain, mtsogoleri wa Nirvana uja, anali ndi ndalama ndi mbiri yofika pa dziko lonse, koma anagwidwa ndi mankhwala ozunguza bongo, ndipo anadzipha mu April 1994 ali ndi zaka 27. Ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika.

Chachitatu ndi kutsanzira. Alipo achinyamata amene ayesa kuti kupatuka ndiko kubvala ngati munthu wa pa kanema ndi kulankhula Chizungu cha m'mphuno. Ameneyo sanapatuke konse, wangosintha khamu limene alitsata.

Koma taonani kumene mantha atatuwa atifikitsa. Mwana amene waletsedwa gitala pa sukulu sataya gitalayo, amangopita naye kumene kulibe mphunzitsi. Kumeneko ndiko akumana ndi mowa, ndiko asaina mapepala amene sanawawerenge, ndiko atsanzira za eni chifukwa palibe wamkulu womuuza za kwao. Zoopsa zonse zitatu zikula pamene akuluakulu afulatira. Chifukwa chache ife titi mankhwala a mantha amenewa ndiwo kumuyandikiza mwanayo.

KUSAKANIZA SIKUNAYAMBE LERO

Iwo amene ati gitala wa magetsi aononga mwambo akumbukire mbiri ya chigawo cha kumpoto. Gule wa malipenga, amene lero timuyesa wa makolo ndipo timubvina pamaso pa alendo olemekezeka, anachokera kwa anthu amene anaona perete ndi mabandi a asilikali pa nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Anatenga zikho nazisandutsa malipenga, anatenga mayendedwe a asilikali nawasandutsa gule. M'masiku amenewo malipenga anali chinthu chatsopano cha anyamata.

Chimodzimodzinso nyimbo za m'chalichi. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, ku Embangweni m'boma la Mzimba, m'busa Donald Fraser analimbikitsa Akristu kupeka nyimbo za Mulungu pa maimbidwe a Chingoni ndi Chitumbuka, ndipo anthu onga Mawelera Tembo, Peter Thole ndi Charles Chinula anapeka nyimbo zimene ziimbidwa kufikira lero m'mipingo ya Sinodi ya Livingstonia. Zimene agogo athu anachita ndi lipenga la msilikali ndi buku la nyimbo la Mzungu ndizo zomwe Bambo Mkandawire anachita ndi jazz, ndizonso zimene Bambo Ngozi anachita ndi rock.

Ndipo nkhokwe yotapamo ikali yodzaza. Vimbuza, gule wochiza wa Atumbuka, analengezedwa ndi bungwe la UNESCO mu 2005 kuti ndi chimodzi cha chuma cha anthu a dziko lonse. Kagundidwe ka ng'oma zache nkolukanalukana kotero kuti akatswiri a maiko ena abwera kudzakaphunzira. Mwana wa pa Phwezi ali nazo pakhomo. Sitinena kuti gule wa odwala asanduke masewera ai, pakuti ali ndi eni ache ndi malamulo ache. Tinena kuti mnyamata wofuna kuimba ng'oma za makono akhale pansi ndi woimba ng'oma wa kumudzi, apemphe mwaulemu, aphunzire chimene chiloledwa kuphunzira.

ZOYENERA KUCHITA

Boma lachita mbali yache pa malamulo. Lamulo loteteza eni luso linakhazikitsidwa mu 1989, bungwe la COSOMA linayamba nchito mu 1992, ndipo lamulo latsopano linadza mu 2016. Chotsala chiri m'manja mwa ife tonse, ndipo tipempha zinthu zisanu.

Poyamba, sukulu za sekondale, za Boma ndi zoima pazokha, zipatule chipinda chimodzi ndi maola awiri pa sabata kuti ana oimba akonzekere nyimbo zao pamaso pa mphunzitsi. Pakhale pangano lomveka lakuti wolephera mayeso a pa teremu ayamba wapuma ku gulu kufikira atakonza maphunziro ache. Potero gitala asanduka chokokera mwana ku buku. Sukulu za pa Phwezi, zimene zisonkhanitsa ana a zinenero zambiri pa malo amodzi, ndiponso ziri pafupi ndi sukulu ya nchito zamanja, zingathe kutsogolera zinzache pa chinthu chimenechi. Babatoni wa Madalitso Band ndi wa Gasper Nali wa ku Nkhata Bay anapangidwa ndi manja a kuno, ndipo mmisiri wa matabwa ndi wa magetsi ali ndi gawo lao pa nyimbo.

Kachiwiri, ana aloledwe kupeka zaozao. Kwaya ya sukulu nchinthu chabwino, koma kwaya iphunzitsa kuimba chimene wina anapeka kale. Mphunzitsi ayang'ane mau kuti asakhale otukwana kapena onyoza munthu, koma asakane nyimbo chifukwa chokha chakuti khutu lache silinaizolowere.

Kachitatu, mawailesi, kuyambira MBC kufikira ang'onoang'ono a m'maboma, apatule ola limodzi pa sabata la nyimbo za kuno zimene sizifanana ndi zinzache. Za ku Zambia zatiphunzitsa kuti wailesi ikatsegula khomo, magulu abadwa. Ndiponso matepi akale a oimba athu asungidwe ndi kukoperedwa m'makina a makono, pakuti tepi sikhala muyaya. Zamrock inauka chifukwa mbale zache zinapezeka. Chimene sichinasungidwe sichidzauka.

Kachinai, woimba ali yense wachinyamata alembetse nyimbo zache ku COSOMA, ndipo asasaine pepala liri lonse, la kuno kapena la kunja, asanalionetse kwa munthu wodziwa malamulo. Anzache a m'gulu apangane za kagawidwe ka ndalama ndalamazo zisanabwere, monga anachitira anyamata a R.E.M. aja. Apa ndipo pamene sukulu ithandiza woimba koposa: wodziwa kuwerenga pangano ndi kuwerengera ndalama sadyeredwa msanga masuku pamutu.

Kachisanu, makolo afunse za malo amene nyimbo ziphunzitsidwa mwa dongosolo. Ku Karonga kuli sukulu ya nyimbo ya Lusubilo, ku Lilongwe kuli Music Crossroads, ndipo ku Zomba, pa sukulu ya ukachenjede ya University of Malawi, nyimbo ndi phunziro lopatsa digiri. Bambo Erik Paliani, woimba gitala wa kuno kwathu, anafika pokonza mbale ya Hugh Masekela ku South Africa mu 2009. Nchito ya nyimbo iri ndi nthambi zambiri, monga kujambula, kukonza mau, kuphunzitsa ndi kuyendetsa zikondwerero zonga Lake of Stars, chimene chinayamba ku Chintheche mu 2004. Si onse adzaima kutsogolo kwa khamu, koma ambiri angathe kudya za thukuta lao.

MAU KWA ACHINYAMATA

Inunso anyamata ndi asungwana, musayese kuti nyuzi ino yakupatsani chilolezo cha kuthawa m'kalasi. Anthu onse amene tawatchula anagwira nchito yowawa zaka zambiri asanaone phindu, ndipo ena anafa asanalione. Bambo Mkandawire anali ndi zaka 50 pamene Zani Muwone inatuluka. Kuona maso a nkhono nkudekha. Ngati mufuna kuti akuluakulu akupatseni chipinda ndi kiyi, aonetseni kuti mudziwa kutseka chitseko pa nthawi yache ndi kufika m'kalasi m'mawa mwache. Ndipo pamene mupeka nyimbo, yambani mwafunsa chimene muli nacho inu chimene mnyamata wa ku London alibe. Mudzapeza kuti ndicho chinenero cha amai anu, ng'oma ya kumudzi kwanu, ndi nkhani za anthu amene mukhala nao.

Dziko limene lifuna kutukuka lisowa madokotala ndi alimi ndi amisiri, ndipo palibe wotsutsa zimenezo. Koma lisowanso anthu owerengeka amene amva zinthu mwa njira yina, ndi kulimba mtima kuziimba anzao asanazibvomere. Boma la Rumphi linabala mmodzi wotere mu mbadwo wapitawu, ndipo njira yache inali ndi minga. Tsopano malamulo alipo, sukulu ziripo, mawailesi achuluka. Chikhala chinthu chomvetsa chisoni ngati wotsatira wache, amene kapena ali mu Fomu 2 chaka chino, adzayamba kudziwika kwa ife pokhapokha mlendo atabwera kudzatiuza dzina lache.